Bwanji timathamangira kunena kuti "ndi mmene alili"?

Mphatso: Abale ndithandizeniko. Ndili ndi asayimenti ya social psychology, mutu wake ndi attribution, zoti anthufe timapeza bwanji chifukwa chomwe munthu wachitira chinthu. Manotsi ndawerenga koma mayina achuluka, uyu Heider uyu Kelley uyu Weiner, angosakanikirana m'mutumu. Funso akuti fotokozani chifukwa chake anthu amalakwitsa poweruza zochita za anzawo. Alipo anapangako kosi imeneyi?

Kondwa: Zophweka izo. Anthu ndi amiseche basi, lemba choncho ulandire malikisi ako kkkk

Nangozo: A Kondwa mwayankha funso lonse osadziwa. Mwafunsidwa chifukwa, inu pompo mwaloza mtima wa anthu, akuti ndi amiseche. Simunati mwina amakhala pa changu, mwina mbali ina ya nkhani sanaimve, ayi, mwangoti ndi mmene alili. Nde zomwe akufuna Mphatso alembe ndi zimenezotu.

Kondwa: Mwandisandutsa chitsanzo cha mu asayimenti? Mundilipire kaye

Aphunzitsi: Mphatso usawope mayina, nkhani yake ndi imodzi. Yambira pa Fritz Heider, munthu wa ku Austria yemwe anasamukira ku America. Mu 1944 iye ndi Marianne Simmel anaonetsa anthu kakanema kakafupi, mulibe munthu mulibe nyama, muli tizinthu ta makona atatu tiwiri, china chachikulu china chaching'ono, ndi kozungulira kamodzi, tikungoyendayenda kulowa ndi kutuluka mu bokosi lokhala ngati lili ndi chitseko. Atawafunsa kuti mwaona chani, pafupifupi onse anayamba kukamba nthano, akuti chachikulucho ndi chankhanza chikuzunza anzake, kozungulirako kali ndi mantha kakubisala, ena mpaka kuikamo zachikondi. Tizinthu tojambula chabe! Heider anaona kuti ubongo wathu sukhala phee ukaona chinthu chikuyenda, umafuna kudziwa kuti ndani wachititsa komanso akufuna chani. Mu buku lake la 1958 anati zifukwa timazigawa pawiri, za mkati mwa munthu monga chibadwa, luso, khama, cholinga, ndi za kunja monga kuvuta kwa ntchitoyo, lamulo la bwana, mwayi, mmene zinthu zinalili tsikulo. Ena onse omwe ukuwatchulawo anangomanga pamwamba pa zimenezi.

Mphatso: Zikomo aphunzitsi, pamenepo ndamva. Koma kulakwitsako kukubwera pati? Kugawa pawiri sikulakwa

Aphunzitsi: Kukubwera poti sikelo yathu ndi yopendekeka, imalemera mbali ya mkati. Chitsanzo chomwe ungalembe ndi cha Edward Jones ndi Victor Harris, 1967. Anapatsa ophunzira a pa yunivesite ku America nkhani yolembedwa yoyamikira Fidel Castro, mtsogoleri wa dziko la Cuba nthawi imeneyo, kapena yomunyoza, ndipo kumbukira nthawi imeneyo Castro ku America samafuna kumumva nkomwe. Ena anauzidwa kuti wolembayo anasankha yekha mbali, ena anauzidwa poyera kuti anachita kupatsidwa mbaliyo, analibe ufulu wosankha. Ukanayembekeza kuti gulu lachiwirili linena kuti sitingadziwe maganizo ake enieni. Koma ayi, iwonso anaganizabe kuti wolemba zoyamikira Castro ndiye kuti amamukondako ndithu. Anauzidwa chifukwa cha kunja, anachimva, koma sanachiwerengere mokwanira. Mu 1977 Lee Ross wa ku yunivesite ya Stanford ndi amene anazipatsa dzina loti fundamental attribution error, kutanthauza kulakwitsa kothamangira chibadwa cha munthu nkuchepetsa zomuzungulira.

Nangozo: Ine yomwe imandisangalatsa ndi ya mafunso ija, ya Ross yemweyo ndi Teresa Amabile ndi Julia Steinmetz, 1977 momwemo. Anthu awiri, amachita maere pamaso pawo, wina akhala wofunsa wina woyankha. Wofunsa akuuzidwa apeke mafunso 10 ovuta kuchokera mu zomwe iye amadziwa. Nde tangoganizani aliyense ali ndi tinthu take tomwe anzake sadziwa, wina amadziwa za mpira wakale wina za nyenyezi, woyankha uja amakhoza osakwana theka. Pamapeto owonerera anati wofunsa ndi wodziwa zinthu kuposa woyankha. Chomvetsa chisoni woyankha mwini wakenso anadziona wotsika. Aliyense anaona maere akuchitika, aliyense amadziwa kuti akanasinthana zikanatembenuka, koma zinawadutsa.

Kondwa: Ndiye kuti aphunzitsi athu onse amaoneka anzeru chifukwa ndi iwo amafunsa mafunso eti? Pepani aphunzitsi kkkkk

Aphunzitsi: Iwe Kondwa bwera udzandifunse mafunso ako 10 tione

Bambo a Tadala: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndilankhulepo. Zimenezi ine ndimaziona ngati maphunziro opezera anthu aulesi pothawira. Ine ndimayang'anira anthu pa ntchito. Ndili ndi mnyamata wina amafika mochedwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse ali ndi nkhani, lero mwana wadwala, mawa mayendedwe anavuta, mkuja alamu sinalire. Ndiye mukufuna ndizingoti aa si iyeyo ndi zomuzungulira? Munthu waulesi alipo abale. Wakuba alipo. Wamwano alipo. Tisamanamizane.

Mayi a Thoko: Pamenepa ndili mbali ya bambo a Tadala pang'ono. Chifundo chikachuluka ntchito imaima.

Aphunzitsi: Bambo a Tadala, palibe mwa akatswiriwa anati chibadwa kulibe. Akuti timachithamangira tisanaone umboni. Ndipo amene angakuthandizeni pa mnyamata wanuyo ndi Harold Kelley, yemwe Mphatso akumudandaula uja. Mu 1967 anati munthu wofuna kuweruza bwino afunse zitatu. Kodi anthu ena akakhala pamalo omwewo amachitanso chimodzimodzi? Kodi munthuyu amachita zimenezi pano pokha kapena kulikonse? Kodi amachita nthawi zonse kapena mwa apo ndi apo? Mu manotsi ako Mphatso ndi zija alemba consensus, distinctiveness ndi consistency. Tiyeni tiyese bambo. Anzake amafika nthawi yabwino?

Bambo a Tadala: Onse amafika nthawi yake, iye yekha.

Aphunzitsi: Chabwino, chimenecho chikuloza kwa iye. Nthawi zonse mwanena kale kuti eya. Nanga kwina? Misonkhano ya masana amachedwanso? Ntchito mukamupatsa amaimaliza mochedwa? Shifiti ya madzulo mukamuika zimakhala bwanji?

Bambo a Tadala: Ntchito yokha amagwira, sindinganame, akafika safuna kuuzidwa kawiri. Za madzulo sindikudziwa, sindinamuikeko.

Nangozo: Ndiye mawu oti waulesi achoka kale pamenepo bambo. Waulesi amene akafika amagwira ntchito osauzidwa kawiri? Chomwe mwatsala nacho ndi munthu wochedwa m'mawa. Mwina ndi kusasamala kwake ndithu, mwina kuli china chake chimachitika kwawo m'mawa uliwonse, sitikudziwa, koma ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyananso.

Bambo a Tadala: Achemwali, mankhwala ake ndi amodzi, azifika 7 koloko.

Kondwa: kkkkk bambo a Tadala sagonja

Mayi a Thoko: Koma mwaona vuto la Kelley wanuyo? Kuti uyankhe mafunso atatuwo uyenera kukhala ndi nthawi yomufufuza munthu. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino, pa tsiku ndimakumana ndi anthu ambirimbiri omwe sindidzawaonanso. Munthu walowa, wandikalipira ndisanamupatse ndi moni womwe. Ndifufuze liti ngati amakalipa kulikonse? Mutu wanga wangolemba kale kuti wamwano uyu. Ndipo iyenso akutuluka akunena kuti manesi ndi amwano, sakudziwa kuti ndagwira usiku wonse ndipo ndangotuluka kumene mu chipinda momwe zinthu sizinayende bwino.

Aphunzitsi: Mayi a Thoko mwakhudza pomwe ena anamutsutsira Kelley, kuti akufotokoza mmene tikanaganizira tikanakhala ndi nthawi ndi umboni wonse, pomwe moyo sutipatsa zimenezo. Daniel Gilbert ndi anzake mu 1988 anaonetsa kuti zimayenda motsatana. Choyamba chimabwera chokha osachiitana, munthuyu ndi wotere. Kenako ndi pomwe umakonza, kuti dikira kaye, mwina ndi chifukwa cha zakuti. Koma kukonzako kumafuna mphamvu ya mutu. Anaonetsa anthu vidiyo yopanda mawu ya mzimayi akuoneka wosakhazikika, akutekeseka pampando, pansi pake polembedwa mitu yomwe amati akufunsidwa. Ena anaona mitu yochititsa manyazi monga zakuchipinda, ena mitu wamba monga za maulendo okasangalala. Omwe mutu wawo unali womasuka anati aa ndi mafunso amenewa aliyense angatekeseke. Koma omwe anapatsidwa ntchito yoloweza mituyo pamtima uku akuwonera anangoti mayiyu ndi wamantha mwachibadwa, chonsecho mitu yochititsa manyaziyo ndi yomwe amailoweza! Chifukwa anali nacho m'manja, mpata wochigwiritsa ntchito ndi womwe unasowa. Ndiye nesi wotopa ndi wodwala wa ululu akakumana, onse awiri mutu uli wodzaza, palibe amene afika pa sitepe yachiwiri.

Mphatso: Iyi ndiyilemba ndithu. Koma bwanji choyamba kubwera chimakhala cha munthuyo osati cha zomuzungulira?

Nangozo: Chifukwa munthu amaoneka, zomuzungulira sizioneka. Dalaivala akakupitirira moyipa pamsewu umaona galimoto ndi nkhope yake, suona kuti kumbuyo kuli mwana akubanika kapena bwana wamuimbira kuti akachedwa ntchito yatha. Shelley Taylor ndi Susan Fiske mu 1975 anakhazika anthu awiri moyang'anizana akucheza, owonerera anawakhazika mozungulira. Amene anakhala moyang'ana nkhope ya uyu anati uyu ndi amene amatsogolera macheza, amene amayang'ana nkhope ya winayo anati ayi ndi winayo. Macheza omwewo, mipando yokha. Ndipo si zoseweretsa, Daniel Lassiter anapeza kuti vidiyo ya munthu akuvomera mlandu kupolisi, kamera ikaloza iye yekha, owonera amakhulupirira kwambiri kuti wavomera mwa kufuna kwake kusiyana ndi pomwe wapolisi wofunsayo akuonekanso.

Kondwa: Nde ine ndikachedwa kuyankha meseji ndimadziwa kuti netiweki inavuta kapena ndinali bize, koma wina akachedwa kundiyankha ndimati wayamba matama. Anyani kusekana zikundu kumeneku

Aphunzitsi: Imeneyo Jones ndi Richard Nisbett anaikamba mu 1971, kuti wochita amaloza kunja, wowonera amaloza mkati. Koma Mphatso apa uchenjere, mabuku ambiri amailemba ngati lamulo. Bertram Malle mu 2006 anasonkhanitsa kafukufuku 173 wa nkhani imeneyi napeza kuti ukaphatikiza zonse kusiyanako kumatsala pang'ono kuzimiririka. Kumaoneka bwino chinthu chikakhala choipa, koma chikakhala chabwino zimatembenuka, wochita uja amati ndine ndemwe. Ndiye zikufanana kwambiri ndi kudzikondera, self-serving bias. Ukakhoza mayeso ndi nzeru zako, ukalakwa aphunzitsi anafunsa zomwe sanaphunzitse.

Bambo a Tadala: Eya apa ndiye mwanena zoona, ndipo zikugwirizana ndi zanga. Mnyamata wanga uja akamaloza mwana, mayendedwe, alamu, si kudzikondera komweko? Bwanji zake mukuzimvera chisoni koma zanga mukuti ndikulakwitsa?

Nangozo: Palibe wakana bambo. Nonse awiri sikelo yanu yapendekeka, yanu yapendekera uku yake uko. Kusiyana kwake inu muli ndi mphamvu yomuchotsa ntchito, iye alibe.

Mayi a Thoko: Mmm pamenepo

Mphatso: Nanga Weiner akulowa pati?

Aphunzitsi: Bernard Weiner anatenga nkhaniyi kupita nayo ku kupambana ndi kulephera, makamaka kusukulu. Anati kungoti mkati kapena kunja sikukwanira. Funsanso ngati chifukwacho chimasintha kapena ndi chokhazikika, komanso ngati munthu angachilamulire. Tenga ana awiri alakwa masamu. Wina akuti ndine mbuli, winayo akuti sindinawerenge. Zonse ndi za mkati, koma woyambayo watseka chitseko, umbuli sauona ngati chinthu chosintha, ndiye awerengerenji. Wachiwiriyo ali ndi chochita mawa. Ndipo zimakhudzanso mmene ena amakuchitira, tikaganiza kuti munthu akanatha kupewa timakwiya, tikaganiza kuti sakanatha timamva chisoni ndi kuthandiza. Munthu wagwa pamsewu, ukamva fungo la mowa mtima wako umachita zina, ukaona ndodo yoyendera umathamanga. Timothy Wilson ndi Patricia Linville mu 1982 anayesa kanthu kakang'ono, anatenga ophunzira a chaka choyamba omwe amadandaula ndi magiredi awo, anawaonetsa umboni ndi mavidiyo a ophunzira anzawo a m'makalasi apamwamba akunena kuti chaka choyamba ambiri zimawavuta kenako zimakwera. Basi. Omwe anamva zimenezo anachita bwinoko pambuyo pake ndipo osiya sukulu anachepa poyerekeza ndi anzawo. Gulu linali laling'ono koma ena anabwerezanso zofanana nazo.

Mayi a Thoko: Izi za kudziuza kuti ndine mbuli ndimaziona kwa odwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Chinthu chimodzi chikalakwika amati ndine ndachititsa, zidzakhala chonchi mpaka kale, ndipo chilichonse chomwe ndimagwira chimawonongeka. Pomwepo sakudzikondera nkomwe, akudziweruza mopitirira.

Aphunzitsi: Ndi zitatu zomwezo zomwe Abramson, Seligman ndi Teasdale analemba mu 1978, za mkati, zokhazikika, zokhudza chilichonse. Mwazitchula mwadongosolo lake mayi.

Nangozo: Ine chomwe chimandiwawa kwambiri mu nkhani yonseyi ndi cha Melvin Lerner. Mu 1966 iye ndi Carolyn Simmons anaonetsa atsikana a pa yunivesite mnzawo akuoneka ngati akumenyedwa ndi shoko ya magetsi akalakwitsa yankho, zinali zongoyerekeza koma iwo samadziwa. Omwe anapatsidwa mpata womuthandiza kuti kuzunzikako kuthe anamuona bwinobwino. Omwe anauzidwa kuti zipitirira ndipo palibe chomwe angachite anayamba kumunyoza, kumuona ngati munthu wosafunika kwenikweni. Lerner anati timafuna kukhulupirira kuti dziko ndi lachilungamo, aliyense amalandira zomuyenera, nde tikaona wosalakwa akuvutika ndipo sitingamuthandize, njira yachidule ndi kumupezera cholakwa. Ndi zija mumamva mtsikana akagwiriridwa, amakatani kumeneko usiku, anavala chani. Munthu akaberedwa, anasiyiranji chitseko. Wosauka, ndi ulesi. Pansi pake pali mantha, tikavomera kuti sanalakwe ndiye kuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, ndipo zimenezo mtima sufuna kumva.

Kondwa: Apa sindiseka

Bambo a Tadala: Zimenezo ndi zoipa ndithu, palibe angaikire kumbuyo. Koma tisaphatikize wogwiriridwa ndi wochedwa ku ntchito. Wina zamuchitikira, wina akuchita.

Nangozo: Zoona, ndi zosiyana. Koma olo pa zomwe munthu akuchita yekha, kanthu kakang'ono ka kunja kamasintha zambiri kuposa mmene timaganizira. John Darley ndi Daniel Batson, 1973, ku sukulu ya zaubusa ku Princeton. Ophunzira ubusa anatumidwa ku nyumba ina kukalankhula, ena mutu wake unali fanizo la Msamariya wachifundo lenilenilo. Panjira anaika munthu atagwa pakhomo, akutsokomola ndi kubuula. Omwe anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 alionse anaima kuthandiza. Omwe anauzidwa kuti mwachedwa kale thamangani, 10 pa 100 okha. Ena mpaka kumudumpha uku akupita kukalalikira za Msamariya. Mukanaima pakona kuwawonera mukanati awa ndi ouma mtima awa ndi achifundo, chonsecho chinawasiyanitsa ndi mawu amodzi omwe anauzidwa mphindi zochepa zapitazo.

Aphunzitsi: Ingowonjezera Mphatso kuti anali anthu pafupifupi 40 okha, woyesa wako adzaona kuti umawerenga ndi maso awiri.

Mphatso: Funso lomaliza, zimenezi ndi za anthu onse padziko kapena? Ndikuona paliponse ndi ophunzira a ku America

Aphunzitsi: Funso labwino kwambiri ndipo lingakupatse malikisi ambiri. Joan Miller mu 1984 anafunsa anthu a ku Chicago ndi Ahindu a ku Mysore ku India kuti afotokoze chifukwa chomwe munthu wina yemwe akumudziwa anachitira chabwino kapena choipa. Ana a zaka 8 mbali zonse ziwiri amayankha mofanana. Koma akamakula amapatukana, akuluakulu a ku America amachulutsa za chibadwa cha munthu, a ku India amachulutsa za udindo wake, ubale wake ndi ena, ndi mmene zinthu zinalili. Kusonyeza kuti mbali ina timachita kuphunzira. Michael Morris ndi Kaiping Peng mu 1994 anayerekeza manyuzipepala awiri a ku New York, New York Times ya Chingerezi ndi World Journal ya Chitchaina, mmene analembera za anthu awiri omwe anapha anzawo ndi mfuti mu 1991, wina wophunzira wa ku China pa yunivesite ya Iowa, wina yemwe anali atachotsedwa ntchito ku positi ofesi ku Michigan. Ya Chingerezi inatsindika za mkwiyo ndi mtima wa wakuphayo, ya Chitchaina inatsindika za kusamvana ndi omuyang'anira, mpikisano, kuchotsedwa ntchito, kupezeka kwa mfuti mosavuta. Sikuti a ku Asia saona chibadwa, amachiona, koma zomuzungulira munthu zikaonekera amaziwerengera msanga. Ndipo mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake anadandaula poyera kuti psychology yambiri yamangidwa pa anthu a mayiko olemera a azungu, makamaka ophunzira a pa yunivesite, kenako nkumati ndi mmene munthu alili.

Kondwa: Ndiye akatswiriwo nawonso anaona ophunzira a ku America okha nkunena kuti ndi chibadwa cha anthu onse? Agwa mu dzenje lomwe anakumba okha kkkkk

Bambo a Tadala: Koma nyuzipepala ya Chitchaina ija ine sindikugwirizana nayo. Anthu angati amakangana ndi mabwana awo, angati amachotsedwa ntchito, onsewo amatenga mfuti? Kelley wanu yemweyo anati funsa ngati ena amachitanso chimodzimodzi. Sachita. Ndiye chilipo china mwa munthuyo.

Nangozo: Eee bambo a Tadala mwayamba kumenya ndi Kelley tsopano

Aphunzitsi: Ndipo amugwiritsa bwino. Pa mlandu ngati umenewo funso loyamba likuloza kwa munthuyo ndithu. Chomwe Morris ndi Peng anafunsanso anthu ndi chakuti kodi zinthu zikanakhala zina, mwachitsanzo wakuphayo akanapeza ntchito, kuphako kukanachitikabe? Ambiri a ku America amati kukanachitikabe tsiku lina, a ku China amati mwina ayi. Mayankho onse awiri angathe kuvomereza kuti munthuyo anali ndi vuto, akusiyana pa zoti vutolo palokha linali lokwanira kapena limafuna china choliyatsa.

Mayi a Thoko: Bambo a Tadala muyeseni shifiti ya madzulo mnyamatayo mwezi umodzi, mudzatiuze.

Bambo a Tadala: Madzulo ndili ndi anthu okwanira kale mayi. Ndimufunsa kaye kuti m'mawa kumachitika chani kwawoko, koma kalata yochenjeza alandirabe, ija ndinalemba kale.